Belu Loweruka: Momwe Kompyuta Imauzira Mapulogalamu Kuti Aleke Ntchito

Aliyense amene adafikapo kuchigayo dzuwa litapendeka amadziwa momwe woyendetsa chigayo amatsekera ntchito yake. Sathamangira kukazimitsa injini ayi. Poyamba amauza amayi amene ali pamzere kuti dengu limene lili pamakina ndilo lotsiriza. Kenaka amaleka kuthira chimanga, nadikira kuti chimene chalowa kale chituluke chonse chitasanduka ufa. Phokoso la chigayo likapepuka, kusonyeza kuti m'kati mulibenso kanthu, ndi pamene amazimitsa injini. Akazimitsa chimanga chikadali m'kati, mwini dengu amabwerera kwawo ndi ufa woperewera, ndipo m'mawa mwake makina amavuta kuliza kaamba ka chimanga chimene chatsakamira m'menemo.

Nkhani ya lero ikunena za makina ena amene masiku ano ali m'maofesi a boma, m'mabanki, m'zipatala, m'sukulu, ngakhalenso m'thumba la malaya. Makinawo ndi kompyuta. Nayonso ili ndi mwambo wake wowerukira ntchito, ndipo mwambowo ukaphwanyidwa pamatayika zinthu zamtengo wapatali kuposa ufa wa dengu limodzi: malipiro a antchito, mbiri za odwala, zotsatira za mayeso, ngakhalenso ndalama zimene munthu watumiza kwa makolo ake kumudzi.

Omvera wailesi adazolowera liwu loti pulogalamu potchula nkhani, nyimbo kapena sewero limene limaulutsidwa pa nthawi yake. Kwa anthu a makompyuta, liwu lomweli limatanthauza mndandanda wa malangizo amene makina amatsata pogwira ntchito inayake. Ilipo pulogalamu yolembera makalata, ilipo yowerengera malipiro, iliponso yosunga mbiri za odwala. Mapulogalamu ambirimbiri amagwira ntchito nthawi imodzi m'kompyuta imodzi, ndipo pamwamba pa onsewo pali pulogalamu yaikulu imene pa Chingerezi amati operating system. Windows, Linux, macOS ndi Android ndi zitsanzo zake. Ntchito yake ndi yofanana ndi ya kapitawo pa esiteti: amalemba antchito, amagawira aliyense malo ndi zida, amaonetsetsa kuti wina asalowerere munda wa mnzake, ndipo nthawi ikakwana ndiye amene amaliza belu loweruka. M'nkhani ino pulogalamu yaikuluyi izitchedwa kapitawo.

Wina angafunse kuti, kodi belu n'lachiyani? Bwanji osangodula magetsi monga momwe munthu amazimitsira nyale pogona? Yankho lagona pa malo awiri amene kompyuta imasungamo zinthu. Malo oyamba amatchedwa RAM. Amenewa ali ngati bolodi la m'kalasi: kulembapo sikuchedwa, kufufuta sikuchedwa, koma magetsi akangochoka zonse zimafufutika nthawi yomweyo. Malo achiwiri ndi disiki, imene ili ngati kaundula wolembedwa ndi inki: zimene zalowamo zimakhalabe ngakhale makina atazima chaka chathunthu, koma kulembamo kumatenga nthawi. Popeza disiki ndi yochedwa, mapulogalamu amayamba agwirira ntchito yawo pabolodi, n'kumakopera m'kaundula pambuyo pake. Kapitawo nayenso amachita chimodzimodzi. Pulogalamu ikampatsa zinthu zoti alembe pa disiki, iye amavomera kuti walandira, koma kawirikawiri amayamba wazisunga pabolodi lake kuti adzazilembe limodzi ndi zina. Pa Linux, mwini makina akapanda kusintha malamulo ake, zinthu zoterezi zingathe kudikira masekondi pafupifupi 30 zisanalowe m'kaundula.

Motero pa mphindi iliyonse m'kompyuta mumakhala ntchito imene yayambika koma sinathe. Kutayika kwa ntchito yotereyi n'kowawa, komabe choopsa koposa ndi ntchito yolembedwa theka. Munthu wa ku Mzimba akatumiza ndalama pa foni kwa mayi ake ku Nsanje, makina a kampani amachita zinthu ziwiri: amachotsa ndalamazo m'kaundula wa mwana, naziwonjezera m'kaundula wa mayi. Makinawo atati azime pakati pa zinthu ziwirizi popanda chowateteza, ndalama zingachoke kwa mwana koma osafika kwa mayi, ndipo kaundula aliyense payekha angaoneke ngati ali bwinobwino. Opanga mapulogalamu a ndalama amatchinjiriza ngozi yotereyi m'njira zingapo, ndipo imodzi mwa njirazo ndiyo kuonetsetsa kuti makina akuweruka mwadongosolo.

Mwambo umene makompyuta ambiri amatsata lero udayambira ku Bell Labs, m'chigawo cha New Jersey ku United States. Kumeneko, m'chaka cha 1969, Ken Thompson ndi Dennis Ritchie pamodzi ndi anzawo adayamba kupanga kapitawo wotchedwa Unix. Mwa zina, iwo adakonza njira yakuti kapitawo azitha kukodola pulogalamu imene ili m'kati mwa ntchito. Njirayo ndi chizindikiro chimene pa Chingerezi amati signal. Chizindikirochi sichinyamula mawu ayi. Ndi nambala chabe, monga momwe kulira kwa ng'oma kapena kwa belu kumamvekera kwa anthu amene adagwirizana kale tanthauzo lake. Chikafika, pulogalamu imaimitsidwa kaye pamene yafika, kuti ione chimene chachitika.

Nambala iliyonse ili ndi dzina ndi tanthauzo. Nambala 1, SIGHUP, idayamba masiku amene anthu ankalumikizana ndi kompyuta yakutali kudzera pa mawaya a lamya. Lamya ikaduka, pulogalamu inkauzidwa kuti munthu amene imamtumikira wachoka. Nambala 2, SIGINT, imatumizidwa munthu akadina mabatani a Ctrl ndi C pamodzi, pofuna kudukiza ntchito imene wayambitsa. Koma ziwiri zimene zili pamtima pa nkhani ino ndi nambala 15, SIGTERM, ndi nambala 9, SIGKILL. Yoyambayo ndi pempho lakuti pulogalamu imalize zimene ikuchita, iweruke. Yachiwiriyo si pempho konse.

Pempholi silidalipo pachiyambi. Lamulo lotumizira zizindikiro pa Unix limatchedwa kill, ndiye kuti kupha, ndipo mu Unix imene idatuluka m'chaka cha 1975 munthu akalemba lamuloli osatchula nambala, pulogalamu inkaphedwadi nthawi yomweyo. Pofika m'chaka cha 1979, pamene idatuluka Unix yotchedwa Version 7, lamulo lomwelo linali litasinthidwa kuti lizitumiza nambala 15. Dzina loopsalo lidatsala, koma khalidwe lidasintha: kuyambira pamenepo wofuna kupha amayenera kutchula yekha nambala 9. M'chaka cha 1988 bungwe la akatswiri la IEEE lidasindikiza malamulo otchedwa POSIX, amene adakhazikitsa zizindikirozi kuti makina a makampani osiyanasiyana azimvana. Linux, imene Linus Torvalds adayamba kulemba ali wophunzira ku Helsinki m'chaka cha 1991, idatsata mwambo womwewo, ndipo macOS ya kampani ya Apple nayonso imautsata.

Tsono pulogalamu ikalandira nambala 15 imatani? Zimadalira amene adailemba. Ngati sadaikonzere kalikonse, imangofa pomwepo ngati kuti yaphedwa. Ngati adailamula kuti isamalabadire chizindikirochi, imapitiriza ntchito ngati sidamve. Koma pulogalamu yolembedwa mwaluso ili ndi malangizo apadera amene amadikira tsiku lotere, ndipo imachita monga adachitira woyendetsa chigayo uja. Choyamba imaleka kulandira ntchito yatsopano. Chachiwiri imamaliza ntchito imene ili m'manja, kapena ikaona kuti siingathe kuimaliza, imaibweza pamene idayambira kuti pasatsale kanthu kolembedwa theka. Chachitatu imakopera m'kaundula zonse zimene zili pabolodi. Kenaka imatseka mafayilo ake, imatsazika makina ena amene imalankhula nawo pa intaneti, imachotsa timakalata timene idaika tochenjeza anzake kuti fayilo yakutiyakuti ili ndi mwini, ndipo pomaliza imauza kapitawo kuti yaweruka bwino.

Nambala 9 ndi yosiyana kotheratu. Pulogalamu siingathe kuikana, siingathe kuichedwetsa, ndipo siingathe kuikonzera malangizo, pakuti chizindikirochi sichifika n'komwe m'manja mwake. Kapitawo amangoichotsa pantchito, natenga malo ndi zida zimene adaibwereka. Zimene pulogalamu idapereka kale kwa kapitawo zimapulumuka, chifukwa iye adzazilemba pa nthawi yake. Koma zimene zinali pabolodi la pulogalamuyo zimatayika, ndipo ntchito imene inali pakati imatsala pakati pomwepo.

Zizindikiro ziwirizi zimafunika zonse. Kukadakhala nambala 9 yokha, kuzimitsa kompyuta kulikonse kukadakhala ngozi. Kukadakhala nambala 15 yokha, pulogalamu imodzi yosokonezeka, kapena yolembedwa ndi munthu wachiwembu, ikadatha kukana kuweruka mpaka kalekale, makina onse n'kukhala akapolo ake. N'chifukwa chake kapitawo amayamba wapempha, kenaka amadikira, ndipo nthawi yodikira ikatha amalamula.

Kutalika kwa nthawi yodikirayo ndi nkhani imene akatswiri amaiganizira mofatsa. Ikafupika kwambiri, pulogalamu yokhulupirika imaphedwa ikadali kukopera m'kaundula. Ikatalika kwambiri, makina onse amaima kudikira pulogalamu imene mwina sidzayankhanso. Pa makompyuta ambiri a Linux, monga a Debian, Ubuntu ndi Fedora, ntchito yoyambitsa ndi kuwerutsa mapulogalamu ili m'manja mwa systemd, imene Lennart Poettering ndi Kay Sievers adaitulutsa m'chaka cha 2010. Malamulo ake akakhala osasinthidwa, systemd imatumiza nambala 15, n'kudikira mpaka masekondi 90 isanatumize nambala 9. Docker, chida chimene makampani amayendetsera mapulogalamu awo, chimadikira masekondi 10. Kubernetes, imene kampani ya Google idaitulutsa m'chaka cha 2014 kuti izisamalira mapulogalamu pa makina ambirimbiri nthawi imodzi, imadikira masekondi 30. Woyang'anira makina ali ndi ufulu wotalikitsa nthawiyi akadziwa kuti pulogalamu yake ili ndi katundu wambiri wolongedza.

Kuwonjezera pa nthawi, palinso nkhani ya amene ayambe kuweruka. Mapulogalamu ena amadalira anzawo, monga momwe wogulitsa m'sitolo amadalira wosunga makiyi a mosungira katundu. Wosunga makiyi akayamba kuchoka, wogulitsa amasowa koika katundu wotsala. Choncho systemd imawerutsa mapulogalamu mobwerera m'mbuyo: amene adayamba ntchito pomalizira ndi amene amayamba kuweruka, ndipo amene ali maziko a anzawo amatsala mpaka kumapeto. Onse akachoka, kapitawo amakopera pa disiki zimene zatsala pabolodi lake, amatseka kaundula, ndipo pamenepo ndi pamene amadula magetsi.

Chitsanzo chabwino cha mwambowu ndi PostgreSQL, pulogalamu yosunga kaundula wamkulu imene mabungwe ambiri padziko lapansi amagwiritsa ntchito. Iyo imamva zizindikiro zitatu m'njira zitatu. Ikalandira nambala 15, imatseka chitseko kwa obwera kumene, koma imadikira kuti amene ali kale m'kati amalize ntchito yawo n'kutuluka okha. Ikalandira nambala 2, imatulutsa onse nthawi yomweyo, imabweza ntchito zawo zosatha pamene zidayambira, kenaka imalongedza bwinobwino n'kutseka. Ikalandira nambala 3, SIGQUIT, imachoka mothamanga osalongedza, ndipo tsiku loyambanso ntchito imayenera kuyamba yawerenga buku lake la zochitika kuti ikonze zimene zidatsala. Opanga ake amachenjeza kuti nambala 9 ipewedwe ngati n'kotheka.

Windows, kapitawo wa kampani ya Microsoft amene ali m'maofesi ambiri, ali ndi njira yakeyake, koma nzeru yake ndi yomweyo. Munthu akasankha kuzimitsa makina, Windows imatumiza kwa pulogalamu iliyonse imene ili ndi zenera uthenga wotchedwa WM_QUERYENDSESSION, umene uli funso lakuti kodi pulogalamuyo ndi yokonzeka kuweruka. Apa ndi pamene pulogalamu yolembera makalata imafunsa mwini wake ngati akufuna kusunga zimene walemba. Mapulogalamu akavomera, umabwera uthenga wachiwiri, WM_ENDSESSION, wonena kuti nthawi yakwanadi. Ena akachedwa kuyankha, Windows imaonetsa mayina awo ndi kupatsa munthu mwayi wosankha: kubwerera kuti akasunge ntchito yake, kapena kuzimitsa mokakamiza. Wosankha kukakamiza azidziwa kuti wasankha njira yofanana ndi nambala 9.

Batani lozimitsira nalonso lili ndi mbiri yake. Pa makompyuta akale batanilo linkadula magetsi mwachindunji, ndipo n'chifukwa chake Windows 95 ikamaliza kulongedza inkalemba uthenga wouza munthu kuti tsopano angathe kuzimitsa makina popanda choopsa. M'chaka cha 1996 makampani a Intel, Microsoft ndi Toshiba adatulutsa malamulo otchedwa ACPI, ndipo potsata malamulowa batani lidasanduka mthenga. Kulidina kamodzi n'kulisiya kumangotumiza uthenga kwa kapitawo, amene amayamba mwambo wowerutsa kapena kugoneka makina, malinga ndi momwe mwini wake adasankhira. Koma kulidina osalisiya kwa masekondi 4 kapena kupitirira kumadula magetsi kapitawo asanauzidwe kanthu. Njira yachiwiriyi adaiikira makina amene auma osayankhanso. Sadaiikire munthu amene akuthamangira basi.

Foni ya m'manja ili ndi khalidwe lina. Android, imene idamangidwa pa Linux ndipo idayamba kugulitsidwa m'mafoni m'chaka cha 2008, imauza pulogalamu pa nthawi imene munthu waisiya n'kutsegula ina. Uthenga umenewo ungathe kukhala wotsiriza, pakuti malo a RAM akachepa, kapitawo amachotsa mapulogalamu obisika popanda kuwachenjezanso. Motero olemba mapulogalamu a foni amalangizidwa kuti pulogalamu izisunga ntchito yake pomwe yasiyidwapo, osadikira belu lina.

Pali mdani mmodzi amene satumiza chizindikiro chilichonse, ndiye kuthima kwa magetsi. Anthu a m'Malawi amamudziwa bwino mdani ameneyu. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire m'boma la Chikwawa, ndipo dziko lidataya mphamvu ya magetsi yokwana pafupifupi mamegawati 130 mpaka m'chaka cha 2023, pamene malowo adakonzedwa. Pa miyezi imeneyo magetsi ankathima kwa maola ambiri. Kuthima koteroko n'koipa kuposa nambala 9, chifukwa kumafufuta bolodi la pulogalamu pamodzi ndi la kapitawo yemwe.

Akatswiri adapeza njira ziwiri zochepetsera ngoziyi. Yoyamba ndi bokosi la mabatire lotchedwa UPS, limene limaikidwa pakati pa kompyuta ndi magetsi a pakhoma. Anthu ena amaganiza kuti bokosili adalipangira kuti ntchito izipitirira mpaka magetsi atabwerera, koma mabokosi aang'ono a m'maofesi amangopereka mphindi zowerengeka, ndipo mphindizo ndi zowerukira. Likalumikizidwa ndi kompyuta kudzera pa chingwe chake cha uthenga, bokosili limatha kuuza kapitawo kuti mphamvu yatsala pang'ono, ndipo iye amaliza belu ngakhale muofesi mulibe munthu. Njira yachiwiri ndi buku la zochitika. Asanasinthe kanthu m'dongosolo la disiki, kapitawo amayamba walemba m'bukuli zimene akufuna kuchita, kotero kuti magetsi akathima pakati, podzuka amawerenga bukulo n'kumaliza kapena kufafaniza zimene zidatsala theka. Njirayi idalowa mu Windows NT m'chaka cha 1993 ndi dongosolo la NTFS, ndipo pa Linux idafala kwambiri ndi ext3 kuyambira m'chaka cha 2001. Komatu bukuli limateteza dongosolo la disiki. Silingathe kubweza kalata imene mlembi sadaisunge.

Zonsezi zili ndi phunziro kwa kalaliki, mphunzitsi, namwino ndi wamalonda amene amagwiritsa ntchito makinawa tsiku ndi tsiku. Wogwira ntchito wanzeru amasunga zimene akulemba pafupipafupi, osadikira mpaka atamaliza. Pozimitsa amasankha lamulo lozimitsira pa makina, nadikira mpaka nyale zonse zitazima asanazule pulagi pakhoma. Kompyuta ikachedwa kuzima amaipatsa mphindi imodzi kapena ziwiri, podziwa kuti mwina ikudikira pulogalamu imene ikulongedza, ndipo ikalemba kuti ikukonza zinthu zake, saidula magetsi. Asanazule fulashi amayamba wauza kapitawo kuti akufuna kuichotsa, chifukwa mwina zimene wakopera zikadali pabolodi. UPS ikayamba kulira, amasunga ntchito n'kuzimitsa makina, osapitiriza kulemba mpaka mabatire atafa. Ndipo woyang'anira makina aakulu amayamba ndi nambala 15 nthawi zonse, nasunga nambala 9 kuti ikhale njira yotsiriza.

Akuluakulu adati kuthamanga sikufika. Masekondi amene munthu amapulumutsa pozula pulagi ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi masiku amene angataye polembanso kaundula wa malipiro a mwezi wathunthu. Zaka zoposa 40 zapita chiyambire pamene nambala 15 idalowa mu Unix, ndipo makina asintha kwambiri kukula, liwiro ndi mtengo. Koma pulogalamu imene ili ndi ntchito m'manja ikufunikabe zinthu ziwiri zomwezo zimene woyendetsa chigayo amapatsa makina ake madzulo: kuuzidwa kuti nthawi yakwana, ndi kupatsidwa mpata womalizira zimene zalowa kale.